Akaren ndi Mabwinja Awo: Kodi Adzabwerera?

Mwezi uno tifuna kukutengani kunka kutali kum'mawa, kutsidya la nyanja yaikulu ya India, kudziko la Burma, limene olamulira ake analitcha Myanmar m'chaka cha 1989. Dzina la Burma si lachilendo m'makutu athu, pakuti m'chaka cha 1944 anyamata ambiri a Nyasaland a gulu la K.A.R. anakamenyana ndi Ajapani kumeneko, m'chigwa cha Kabaw kufikira kumtsinje wa Chindwin, ndipo ena a iwo anagona komweko. Iwo anamenya chakumadzulo kwa dzikolo. Koma chakum'mawa kwake, m'mapiri a m'malire a Thailand, mukhala mtundu wa anthu otchedwa Akaren, amene mtendere wa 1945 sunawakhalire. Nkhondo yawo inabuka mu 1949, ndipo zidzukulu za iwo amene anaiyamba zabadwira m'misasa ya othawa ndi m'nkhalango. Tiyeni tione chimene chinawachotsa m'midzi yawo, ndi njira zimene zayesedwa kuti akhalenso pamalo ngati anthu.

Dziko lawo ndi makhalidwe awo

Akaren ndi anthu mamiliyoni angapo, ndipo alankhula zinenero zingapo zapachibale. Zazikulu ndizo cha Sgaw ndi cha Pwo. Ena akhala m'zidikha kumene mtsinje wa Irrawaddy uthira m'nyanja, nalima mpunga m'madambo pamodzi ndi Aburma, ndiwo mtundu waukulu wa dzikolo. Ena akhala m'mapiri a pakati pa mtsinje wa Sittaung ndi wa Salween, ndi kutsikira kumwera motsata malire a Thailand. Ambiri a iwo ndi a chipembedzo cha Buddha, ena atsata miyambo ya makolo, ndipo gawo lina, makamaka mwa a Sgaw, ndi Akristu.

A kumapiri amanga nyumba za nsungwi pamwamba pa nsanamira zazitali. Aweta nkhumba, nkhuku ndi njati za pakhomo, ndipo ena adziwa kuzoloweretsa njovu kukoka mitengo. Kalimidwe kawo nkotere: atema mphanje paphiri, natentha, nabzala mpunga chaka chimodzi, atakolola, ausiya munda ugonere zaka 7 kapena kuposa, kufikira thengo litameranso, nasamukira pena. Tsala lotere lili ndi mwini wake, ndipo akulu a mudzi adziwa malire ake, chinkana mlendo wopita panjira aliyesa tchire chabe. Musunge mau awa a tsala, pakuti tidzawafunanso kutsogoloku.

Kufika kwa Uthenga Wabwino

Adoniram Judson, wa mpingo wa Baptist ku America, anafika ku Rangoon mu 1813, nagwira ntchito zaka zambiri pakati pa Aburma ndi zipatso zochepa. Tsono kunali Mkaren wina dzina lake Ko Tha Byu, wachifwamba, amene anavomera yekha kuti anapha anthu ambiri. Munthuyo anagwa mu ukapolo chifukwa cha ngongole, ndipo Akristu a kwa Judson anamuombola. George Boardman anamubatiza ku Tavoy pa 16 Meyi 1828, ndipo kuyambira pamenepo anayendayenda m'mapiri kulalikira anthu a mtundu wake, kufikira imfa yake mu 1840.

Akaren anali ndi nthano ya makolo yonena kuti Mlengi, amene amutcha Y'wa, anawapatsa buku, iwo nalitaya, ndi kuti tsiku lina mbale wawo wamng'ono adzabwera nalo kuchokera kutsidya la nyanja. Chifukwa chake midzi yambiri inamva alaliki ndi mtima wokonzeka. Jonathan Wade anawakonzera zilembo za chinenero cha Sgaw mu 1832, ndipo Francis Mason anatsiriza kumasulira Buku Lopatulika lonse m'chinenerocho mu 1853. Mipingo yawo inaphunzira msanga kudziimira: inasonkha mpunga kudyetsa abusa ake, inamanga sukulu zake, nituma alaliki ake kwa mitundu ina ya kumapiri.

Chiyambi cha udani

Angerezi analanda Burma ndi nkhondo zitatu, yoyamba mu 1824, yachiwiri mu 1852, yotsiriza mu 1885. Poona kuti Akaren ambiri ngophunzira ndi omvera, anawalemba usilikali ndi upolisi, nawatuma kukathetsa mapanduko a Aburma. Akaren a kumapiri, amene anakumbukira nkhanza za mafumu akale a Burma, anaona Angerezi ngati owatchinjiriza. Koma Aburma anaona Akaren ngati agalu osakira mlendo. Apa ndi pamene mbeu yowawa inafesedwa, ndipo amene anaifesa sanakhale kudzakolola.

Ajapani atalowa mu 1942, anadza pamodzi ndi gulu la asilikali Achiburma ofuna ufulu. Gululo linapha Akaren ambiri ku Myaungmya ndi ku Papun, ndipo Akaren nawonso anabwezera. A kumapiri anakangamira Angerezi. Anabisa msilikali Wachingerezi, Hugh Seagrim, nthawi yaitali, napirira kuzunzidwa osamuulula, kufikira iye mwini anadzipereka kwa Ajapani kuti midzi ileke kusautsidwa. Anamupha ku Rangoon mu 1944. Mu 1945 Akaren zikwizikwi ananyamula mfuti, nathandiza kupitikitsa Ajapani.

Nkhondo itatha iwo anayembekeza mphotho. Mu 1946 anatuma nthumwi ku London kukapempha dziko laolao, koma zinabwera chimanjamanja. Mu Febuluwale 1947 anakhazika bungwe lawo la Karen National Union, lodziwika ndi zilembo za KNU. Burma analandira ufulu pa 4 Januwale 1948, mlandu wa Akaren usanaweruzidwe. Usiku wa Krisimasi wa chaka chomwecho Akristu ambiri anaphedwa ali m'nyumba za mapemphero m'dera la Palaw, kumwera. Pa 31 Januwale 1949 nkhondo inabuka poyera, ndipo Akaren anagwira mzinda wa Insein, pakhomo penipeni pa Rangoon, miyezi yoposa 3 asanabwerere kumapiri. Mtsogoleri wawo, Saw Ba U Gyi, anaphedwa pa 12 Ogasiti 1950. Anasiyira anthu ake malangizo akuti asagonje, asatule mfuti, ndipo adzisankhire okha tsogolo lawo. Ndipo tsiku la imfa yake alikumbukira chaka ndi chaka.

Midzi itenthedwa

Mu 1962 mkulu wa asilikali, Ne Win, analanda Boma. M'zaka zotsatira asilikali ake anayamba kachitidwe kotchedwa kudula kunayi, ndiko kumana opanduka chakudya, ndalama, mbiri ya kumene kuli adani, ndi anyamata olowa m'gulu lawo. Koma zinthu zinayi izi zichokera kumudzi. Kotero nkhondo inatembenukira alimi. Asilikali amafika pamudzi, nalamula kuti pofika tsiku lakuti onse akhale atasamukira kumalo oyang'aniridwa, pafupi ndi linga kapena mseu. Wopezeka m'mudzi tsikulo litapita amamuyesa mdani. Amatentha nyumba ndi nkhokwe, kupha ziweto, kuboola miphika, ndi kutchera mabomba okwirira pansi m'njira ndi pamakomo. Amuna ndi akazi omwe amawagwira mtengatenga wa zipolopolo, ndipo ena amawatsogoza panjira kuti bomba likaphulika liphe iwo.

Anthu ambiri sanapite kumalo olamulidwawo, koma anathawira m'nkhalango pafupi ndi minda yawo. Kumeneko amabisa mpunga m'tinkhokwe tating'ono m'thengo, kuphika usiku kuti utsi usaoneke, ndi kuphunzitsa ana patsinde pa mtengo. Awa ndiwo othawa a m'dziko lawo lomwe, ndipo kawirikawiri achuluka koposa iwo amene anaoloka malire. Bungwe lothandiza othawa kumalire linawerenga kuti pakati pa 1996 ndi 2011 midzi yoposa 3,700 ya kum'mawa kwa Burma inatenthedwa, kapena kusamutsidwa, kapena kusiyidwa bwinja.

Pali chinthu china chimene ife a mumpingo tiyenera kuchimva ndi mantha. Atsogoleri ambiri a KNU anali Akristu, koma asilikali wamba ambiri anali a Buddha, ndipo awa anadandaula kuti akulu sawasamala. Madandaulo sanamveke msanga. Mu Disembala 1994 ambiri a iwo anapatuka, napanga gulu lawo, nagwirizana ndi asilikali a Boma. Ndipo popeza anadziwa njira zonse, likulu la KNU la Manerplaw linagwa mu Januwale 1995. Linga limene mdani analephera kuligwetsa zaka zambiri linagwa m'masabata owerengeka abale atagawikana.

Moyo wa m'misasa

Kale Akaren amaolokera ku Thailand nyengo ya chilimwe, pamene asilikali ayenda, nabwerera mvula ikagwa. Koma mu 1984 asilikali sanabwerere m'mbuyo, ndipo anthu pafupifupi 10,000 anatsala kutsidya. Chaka chimenecho msasa wa Mae La unayamba, ndipo mabungwe Achikristu anasonkhana kuwatumizira mpunga. Chigwirizano chawo ndicho chinakula nkukhala The Border Consortium. Manerplaw atagwa, misasa ing'onoing'ono ya pafupi ndi malire inayamba kuthiridwa nkhondo; wa Huay Kaloke unatenthedwa mu 1997 ndi mu 1998. Tsono Boma la Thailand linaisonkhanitsa, kufikira inatsala misasa 9. Cha m'ma 2005 munali anthu pafupifupi 150,000, ochuluka a iwo Akaren, ndipo Mae La yekha nthawi zina anasunga oposa 40,000.

Thailand sanasainire pangano la maiko la 1951 lonena za othawa kwawo, ndipo misasayo aitcha malo ousapo kanthawi. Kwa zaka 40 lamulo linali lakuti wokhalamo asatuluke popanda chilolezo, asagwire ntchito kunja, ndipo amange ndi nsungwi ndi masamba, osati njerwa. Amalandira muyeso wa mpunga, nyemba, mafuta, mchere ndi makala. Pakati pa zonsezi Akaren anadzilongosola bwino: anasankha makomiti awo, anatsegula sukulu, anaphunzitsa anamwino, ndipo mu Mae La anasunga sukulu ya ubusa. Ku Mae Sot, dotolo wachikazi Wachikaren, Cynthia Maung, anatsegula chipatala cha Mae Tao mu 1989, chimene chachiza anthu osawerengeka. Koma taganizani za mlimi amene wakhala zaka 30 osagwira khasu m'munda wakewake, ndi za mwana wake amene adziwa mpunga wa m'thumba wokha. Akulu athu anati mlendo ndi mame; koma mame awa dzuwa lawatulukira zaka 40 osakamuka.

Njira yoyamba: kunka kumaiko akutali

Kwa munthu wothawa kuli njira zitatu: kutengedwa ndi dziko lachitatu, kubwerera kwawo, kapena kukhazikika kumene anathawira. Zonse zitatu zayesedwa pa Akaren.

Mu 2005 Thailand analola kuti a m'misasa atengedwe ndi maiko ena, ndipo oposa 100,000 anapita. Ochuluka analandiridwa ku America. Ena ku Australia, Canada, Finland, Norway, ndi ku Sheffield m'dziko la England. Mzinda wa St. Paul ku Minnesota unasanduka mudzi wawo waukulu. Anthu a kumapiri otentha anaphunzira kuyenda pachisanu choundana, nagwira ntchito zolemetsa m'mafakitale a nyama ndi mosokera, ndipo ana awo afika kusukulu zapamwamba. Nyumba zina za mapemphero za Baptist, zimene zinatsala ndi nkhalamba zowerengeka, zinadzazanso ndi nyimbo za Akaren, m'dziko lomwelo limene linatuma Judson ndi Boardman.

Koma njira iyi ili ndi mtengo wake. Amene anayamba kupita ndiwo ophunzira: aphunzitsi, anamwino ndi alembi, misasa inatsala ngati mudzi umene amuna ake onse apita ku Joni. Amene anafika kumisasa kalembera wa 2005 atatsekedwa sanaloledwe kupita, kotero mabanja anagawikana. Okalamba amene anapita akhala m'nyumba zotseka, osamva chinenero cha anansi awo. Ndiponso khomo ili lili m'manja a eni ake: America analeka kulandira a m'misasayi mwaunyinji mu 2014, ndipo mu Januwale 2025 anaimitsa kulandira othawa. Kunka kutali kwapulumutsa mabanja ambiri, koma sikungasamutse mtundu wonse, ndipo sikuthandiza konse obisala m'nkhalango.

Njira yachiwiri: kubwerera

Pa 12 Januwale 2012 a KNU ndi Boma anapangana ku Hpa-an kuti aleke kuomberana, ndipo pa 15 Okutobala 2015 a KNU anasainira pangano lalikulu la dziko lonse. Maiko othandiza anakondwa, nayesa kuti ntchito yatha. Anachepetsa muyeso wa chakudya m'misasa, natembenuzira ndalama zawo m'kati mwa Burma. Chakumwera kwa Myawaddy anamanga mudzi watsopano wa Lay Kay Kaw ndi chithandizo cha Nippon Foundation ya ku Japan, kuti ukhale mudzi wa mtendere wa obwerera.

Koma anthu sanathamange. Mu Okutobala 2016 gulu loyamba lobwerera ndi chilolezo cha maboma onse awiri linali anthu 71 okha, ndipo pofika 2019 onse pamodzi anangopitirira pang'ono 1,000. Ena anawayesa aulesi ozolowera kulandira. Koma iwo anali kutuma abale kukazonda, ndipo ozondawo anabwera ndi mau amodzimodzi: mfuti zaleka kulira, koma asilikali sanachoke. Malinga awo a nsungwi anali kuwamanga ndi simenti, ndipo anali kulambula miseu yolowa m'mapiri. Mu 2018 mseu wotere unathawitsanso anthu a ku Ler Mu Plaw amene anali atayamba kubwerera kuminda yawo, ndipo mu Epulo asilikali anaombera Saw O Moo, mtsogoleri wa anthu wamba wosamala za nkhalango ndi miyambo, ali paulendo wobwerera kwawo.

Pa 1 Febuluwale 2021 asilikali analandanso Boma. Pa 27 Malichi ndege zinaponya mabomba pa Day Bu Noh, m'boma la Papun, ndipo anthu zikwi anathawira kumtsinje wa Salween. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali analowa mu Lay Kay Kaw kufunafuna otsutsa Boma amene anabisala kumeneko. Nkhondo inabuka, ndege zinadza, ndipo okhala m'mudzi wa mtendere anaoloka mtsinje wa Moei ndi akatundu pamutu, ena kachiwiri, ena kachitatu. Pofika 2024 a United Nations anawerenga kuti othawa m'kati mwa Myanmar yense apitirira 3 miliyoni. Pamenepo kunaoneka kuti amene anazengereza kubwerera anaona patali koposa amene anawafulumiza.

Njira yachitatu: kukhazikika ku Thailand

Mu Januwale 2025 America anaimitsa chithandizo chake cha kumaiko akunja, ndipo zipatala zingapo za m'misasa zinatsekedwa mwadzidzidzi, odwala nanyamulidwa kunka kunyumba. Pakati pa chakacho chakudya cha mabanja ambiri chinadulidwanso. Poona kuti anthu oposa 80,000 sangatsekeredwe m'mpanda popanda chakudya, ndi kuti minda ndi mafakitale ake zisowa antchito, Boma la Thailand linavomera mu Ogasiti 2025 kuti olembedwa a m'misasa atuluke kukagwira ntchito mwalamulo. Ichi ndi chinthu chimene anachipempha zaka 40. Sichiwapatsa umbadwa, kapena munda. Ndipo ambiri sadziwa chinenero cha Thai, nkhalamba ndi opunduka sangathe kulembedwa ntchito. Komabe kwa achinyamata obadwira m'misasa, amene Burma angomumva m'nkhani za agogo, khomo ili lingakhale loyandikira koposa ena onse.

Zoyenera kuyamba zachitika

Ife a kuno tili ndi pofanizira. Pa nkhondo ya ku Mozambique dziko lathu linasunga othawa oposa 1 miliyoni, ku Nsanje, Mwanza, Dedza, Ntcheu ndi kwina. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Asilikali a mbali zonse anasonkhanitsidwa natula zida pamaso pa a United Nations. Chisankho chinachitika mu 1994. Ndipo anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kuchokera kumaiko oyandikana, ambiri a iwo pansi, osadikira galimoto. Panalibe wowakakamiza. Bambo amayamba wapita kukaona, namanga chisakasa, nalima. Mbeu zikacha amadzatenga banja. Munthu sasowa kumuuza kuti apite kwawo. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Chimene asowa ndicho kuti chomwe chinamuthawitsa chichoke. Tsono kwa Akaren tiona zinthu zisanu.

Choyamba, asilikali achoke pafupi ndi midzi, ndipo ndege zileke. Zaka za 2012 kufikira 2021 zinaonetsa kuti kuleka kuombera si mtendere ayi, ngati mlandu weniweni, ndiwo wa kudzilamulira kwa mitundu m'zigawo zawo, ukhala wosaweruzidwa monga unasiyidwira mu 1948.

Chachiwiri, mabomba okwirira azulidwe. Myanmar sanalowe m'pangano la 1997 loletsa zida izi, ndipo asilikali a Boma ndi magulu otsutsana nawo, Akaren omwe, azitchera. Mu 2023 anthu oposa 1,000 anaphedwa kapena kupundulidwa nazo, kuposa dziko lina lililonse chaka chimenecho. Bomba lotere silidziwa kuti pangano lasainidwa. Lidikira mwana wotola nkhuni. Mozambique anatsiriza kuzula ake mu 2015, patapita zaka 23 chisainire mtendere.

Chachitatu, minda. Apa tikumbukire tsala lija. Mu 2012 Boma linaika lamulo la malo opanda anthu, ogonera ndi osalimidwa, nililimbitsa mu 2018, kuti wolima pamalo otere akalembetse m'miyezi 6, apo ayi angamangidwe zaka 2. Koma munda wa kuphiri ugonera mwadala, ndipo munda wa wothawa ulibe munthu chifukwa mwini wake anapitikitsidwa. Malo ambiri anapatsidwa kwa makampani a mphira, a migodi ndi a mitengo ya mafuta, ndipo ena anamangidwapo malinga. Wobwerera angapeze mpanda wa waya pamanda a amake. Pofuna kutchinjiriza ichi, a KNU apereka makalata awo a minda, ndipo mu Disembala 2018 midzi ya m'boma la Papun inalengeza Salween Peace Park, dera loposa masikweya kilomita 5,000, losungidwa monga mwa mwambo wa makolo wotchedwa kaw, umene uika nkhalango, mitsinje ndi minda m'manja a mudzi wonse. Mtendere ukadza, udzayesedwa ndi ichi: kodi Boma lidzavomera malire amene akulu a midzi awadziwa?

Chachinayi, makalata. Ambiri obadwira m'nkhalango ndi m'misasa alibe chiphaso cha dziko lililonse, ndipo maphunziro a sukulu za m'misasa sawerengedwa mokwanira ku Myanmar kapena ku Thailand. Mnyamata wotsiriza makalasi onse angabwerere nakhala ngati sanaphunzire, ndi namwino wochiza anthu zaka 20 angauzidwe kuti sadziwika.

Chachisanu, anthu afunsidwe. Lay Kay Kaw anali ndi nyumba zooneka bwino m'mizere, koma minda inali yochepa, ndipo ambiri analibe podyera. Mlimi safuna nyumba ya pamzere. Afuna phiri lake, mtsinje wake, ndi anansi ake akale. Ndipo ena sadzafuna kubwerera konse. Ayuda ataloledwa kuchoka ku Babulo, ena anapita kukamanga Yerusalemu, ena anatsala natumiza chuma chawo, ndipo onse anali mtundu umodzi. Momwemonso Akaren a ku St. Paul ndi ku Sheffield atumiza ndalama zogulira mpunga ndi mankhwala a obisala m'mapiri, zonyamulidwa pamsana ndi anamwino oyenda pansi.

Gawo lathu

Tsono tiyankhe funso lathu. Malinga ngati ndege ziponya mabomba pa sukulu ndi pa nyumba za mapemphero, kubwerera kwa unyinji sikungatheke, ndipo wowakankha kuti abwerere achimwira mwazi wawo. Khomo la kumaiko akutali lachepa. Chiyembekezo cha pafupi chili pa ntchito ndi sukulu ku Thailand, ndi pa chakudya chofikira iwo a m'nkhalango. Chiyembekezo cha patali chili pa mtendere woweruza mlandu wa 1948, wochotsa asilikali, wozula mabomba ndi wobweza minda. Chimene tiona m'mbiri yawo ndi ichi, kuti paliponse mfuti zinatonthola nyengo imodzi yokha, Akaren anatsika m'thengo, natema mphanje, namanga sukulu. Anthu otere sadzasowa mphamvu yomanganso midzi yawo tsiku likadza.

Abale, ife tilibe ndege kapena chuma chotumiza ku Salween, koma tili ndi mabondo. Pa mapemphero a m'milaga mwezi uno titchule Akaren ndi dzina: a m'misasa, a m'nkhalango, ndi a kumaiko achisanu, Akristu ndi a Buddha pamodzi, kuti asagawikenso monga mu 1994. Tipempherere Aburma, amenenso ana awo aphedwa ndi asilikali omwewo, ndi olamulira, kuti mitima yawo itembenuke. Ndipo tisaiwale alendo a pakhomo pathu, pakuti ku Dzaleka m'boma la Dowa kwakhala othawa nkhondo chiyambire 1994, ndipo kumenekonso kuli ana obadwira m'msasa amene afunsa makolo awo kuti kwathu nkuti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mulungu amene anasunga dziko lathu pamene la anansi athu linali kupsa atipatse mtima wokumbukira iwo amene alibe pogoneka mutu, kufikira mabwinja a m'mapiri a Akaren adzafukanso utsi wa pamafuwa.